"Robot": Liwu la Thangata Lomwe Linasanduka Magetsi a Pamsewu ku Johannesburg

JOHANNESBURG – Mlendo amene wangotsika basi pa Park Station mumzinda uno akafunsa njira, kawirikawiri amauzidwa kuti adutse ma "robot" awiri, ndipo akafika pa yachitatu akhotere kumanzere. Munthu wochokera ku London kapena ku New York akamva zimenezi amayamba kumwazamwaza maso, kufunafuna chimakina chooneka ngati munthu. Wochokera ku Blantyre, Lusaka kapena Harare savutika, pakuti kwawo nakonso magetsi oongolera magalimoto pa mphambano amatchedwa maloboti.

Liwuli linazolowereka kwambiri m'chigawo chakummwera kwa Africa moti ndi anthu ochepa amene amafunsa za gwero lake. Ena amaliyesa Chingerezi chenicheni cha ku England, ena amaganiza kuti linachokera ku chiyankhulo cha Afrikaans. Komatu linabadwira kutali, pakati pa Ulaya, m'chiyankhulo cha Czech, ndipo tanthauzo lake loyamba silinkakhudzana ndi makina kapena misewu. Linali dzina la ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni minda popanda malipiro.

M'madera a Bohemia ndi Moravia, omwe lero ali m'dziko la Czech Republic, alimi wamba ankakhala pa malo a anthu olemera. Kuti apitirize kulima kachigawo kake, mlimi ankayenera kugwira ntchito m'munda wa mwini malo masiku angapo pa sabata, nthawi zina atatenga ng'ombe kapena akavalo ake omwe. Ntchito imeneyi inkatchedwa "robota". Alimi ataukira mu 1680, mfumu Leopold I inalamula kuti masikuwo asapitirire atatu pa sabata, koma eni malo ambiri sankalabadira lamuloli, makamaka nyengo yokolola. Mchitidwewu unathetsedwa mu 1848. Muzu wa liwuli ndi liwu lakale la ziyankhulo za mtundu wa Slavic lotanthauza kapolo, ngakhale kuti m'chiyankhulo cha ku Russia liwu lofanana nalo, "rabota", masiku ano limangotanthauza ntchito wamba.

Anthu a ku Malawi safunika kuwatanthauzira zambiri pa nkhaniyi, chifukwa ali ndi liwu lawo la chinthu chomwechi: thangata. Poyamba kuthangata kunali kuthandizana pa ntchito monga abale ndi anansi amachitira. Koma pa minda ya atsamunda ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, liwuli linapotozedwa n'kukhala dzina la ntchito imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Thangata inali chimodzi mwa zifukwa zimene M'busa John Chilembwe ndi omutsatira anaukira mu January 1915, ndipo inathetsedwa mu 1962. Ku Mozambique ntchito yokakamiza inkatchedwa chibalo, ndipo lamulo loiloleza linafafanizidwa mu 1961. Motero dalaivala wa ku Zomba kapena ku Tete akaima pa loboti, amakhala ataima pa liwu limene agogo ake akanalimvetsa mosavuta likanamasuliridwa m'chiyankhulo chawo.

Chimene chinachotsa liwuli m'minda n'kulipereka kwa makina ndi sewero la zisudzo. Mu 1920 mlembi wa ku Prague, Karel Čapek, anasindikiza sewero lotchedwa R.U.R., ndipo linaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zisudzo ya mumzindawo pa 25 January 1921. Sewerolo limakamba za fakitale ya pachilumba china imene imapanga antchito ochita kuumba. Antchitowo satopa msanga, sadandaula, safuna malipiro, ndipo amagulitsidwa motchipa m'mayiko onse. Anthu amasiya kugwira ntchito, maboma amayamba kugwiritsa ntchito zoumbidwazo ngati asilikali, ndipo pamapeto pake zimagwirizana, n'kuukira ndi kupha pafupifupi mtundu wonse wa anthu.

Čapek anafotokoza yekha m'nyuzipepala mu 1933 kuti liwulo silinali lake. Iye ankaganiza zotcha antchitowo dzina lochokera ku Chilatini, koma linkamumvekera louma. Atapita kwa mkulu wake Josef, yemwe anali katswiri wojambula zithunzi, anamupeza ali kalikiliki ndi ntchito yake, ndipo Josef ndi amene anatchula liwu loti "robot" kuchokera ku "robota". Karel anamwalira mu December 1938. Josef anagwidwa ndi boma la Nazi ndipo anafera mu msasa wozunzirako anthu wa Bergen-Belsen mu 1945.

Pali mfundo imodzi imene ambiri saidziwa. Maloboti a m'sewerolo sanali achitsulo. Anali ndi mnofu ndi mitsempha yopangidwa ndi mankhwala, ndipo pa maso ankafanana ndi anthu moti mlendo sakanatha kuwasiyanitsa. Nkhawa ya mlembiyo inali pa zimene zimachitika munthu akayamba kuona wantchito ngati chida. Chithunzi cha loboti yachitsulo yoyenda monjenjemera chinabwera pambuyo pake kudzera m'mafilimu ndi m'magazini.

Sewerolo linatchuka mofulumira. Linaonetsedwa ku New York mu 1922 ndi ku London mu 1923, ndipo m'zaka zochepa liwulo linali litakhazikika m'Chingerezi. Olemba nyuzipepala a nthawi imeneyo analikonda kwambiri moti ankalimata pa chilichonse choyenda chokha popanda dzanja la munthu. Makina oyendetsa ndege okha ankatchedwa ndi dzinali. Mabomba ouluka opanda woyendetsa amene Germany inaponya ku London mu 1944 nawonso anapatsidwa dzina lomweli. Munthu wogwira ntchito mosaganiza, wongotsata zimene wauzidwa, ankanyozedwa kuti ndi loboti, ndipo tanthauzo limeneli lilipobe. Mu 1941 mlembi wa ku America Isaac Asimov anapanga liwu loti "robotics", lomwe lero ndi dzina la phunziro la m'mayunivesite, ndipo mu 1961 mkono wachitsulo wotchedwa Unimate unayamba kugwira ntchito mu fakitale ya magalimoto ya General Motors ku New Jersey.

Zinangochitika kuti zaka zimene liwuli linali m'kamwa mwa aliyense ndi zomwenso mizinda ikuluikulu inkasowa chochita ndi kuchuluka kwa magalimoto. Chizindikiro choyamba choongolera ngolo pamsewu chinaimikidwa pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London mu December 1868. Chinali ndi mikono yokwera ndi kutsika monga zizindikiro za pa njanji, komanso nyali ya gasi younikira usiku, ndipo wapolisi ndi amene ankachiyendetsa. Sichinakhalitse: patangopita milungu yochepa gasiyo anaphulika n'kuvulaza wapolisiyo. Zizindikiro zoyendera magetsi zinayamba ku Cleveland, m'dziko la America, mu 1914, ndipo za mitundu itatu zinaoneka ku Detroit mu 1920. Ku Britain, magetsi osintha okha mitundu anayesedwa koyamba mumzinda wa Wolverhampton mu 1927.

Izi zisanachitike, mphambano yotanganidwa inali ndi mwini wake: wapolisi woima pakatikati, atavala magolovesi oyera, akuimitsa awa ndi kukodola awo. Makina atsopanowo anabwera kudzagwira ntchito ya munthu ameneyo ndendende, usana ndi usiku, mvula kaya dzuwa, popanda malipiro. N'chifukwa chake anthu anawatcha apolisi a loboti, ndipo posakhalitsa liwu loti apolisi linagwa n'kutsala loboti yokha. Dzinali linamveka ku Britain komweko kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi m'ma 1930, koma kumeneko linazilala ndipo anthu anakhazikika pa mawu oti "traffic lights".

Ku South Africa silinazilale. Mzinda wa Johannesburg, womwe unayamba ngati msasa wa okumba golide mu 1886, unaimika loboti yake yoyamba mu 1927 pa mphambano ya misewu ya Rissik ndi President, ndipo dzinalo linakakamira mpaka lero. Si zachilendo kuti liwu life kumene linachokera koma n'kupitiriza moyo kutsidya kwa nyanja. Anthu a ku South Africa anapitiriza kutcha nyumba yoonetsera mafilimu kuti "bioscope" kwa zaka makumi angapo a ku England atasiya kalekale. Dikishonale ya Chingerezi cha ku South Africa imene inasindikizidwa mu 1996, yokonzedwa ndi akatswiri a ku Rhodes University, inalemba liwu loti "robot" ngati limodzi mwa mawu odziwika a Chingerezi cha dzikolo. Malamulo a pamsewu amagwiritsa ntchito mawu oti "traffic signal", koma amenewo amathera m'mabuku a mayeso a laisensi ndi m'makhoti.

Ziyankhulo za m'chigawo chino zinalandira liwuli, chilichonse n'kulipinda mogwirizana ndi lilime lake. Azulu amati "irobhothi", Asotho amati "roboto", Ashona amati "marobhoti". A Afrikaans ali ndi liwu lawo la m'mabuku, "verkeerslig", koma poyankhula amangoti "robot". Chichewa chinachita zimene chimachita ndi mawu onse obwereka otere: chinasintha "r" woyambirira kukhala "l", monga zinachitikira ndi lipoti ndi labala, n'kuwonjezera "i" kumapeto, chifukwa mawu a Chichewa sathera pa chilembo chopanda liwu. Kenaka chinalipatsa mphatikiram'mbuyo "ma-" wa zinthu zambiri. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Lilongwe amamva "maloboti" ngati Chichewa chenicheni.

Njira zimene liwuli linadutsa popita kumpoto ndi zomwe anthu ankadutsa popita kummwera. Kwa zaka zambiri amuna a ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi, ena kudzera mu bungwe lolemba antchito la Wenela, ena paokha kudzera ku Salisbury ndi Bulawayo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Dr. Hastings Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthuyo mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 mocheperako, ndipo inatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza antchito kachilombo ka HIV. Kwa mwamuna wochokera kumudzi ku Dedza kapena ku Mzimba m'zaka zimenezo, magetsi osintha mitundu pamsewu anali chimodzi mwa zodabwitsa za kutauni zimene ankasimba akabwerera kwawo, pamodzi ndi mawu ena a kumigodi.

Malire a liwuli amaonekera bwino pa Zobue ndi pa Mandimba. Ku Mozambique, kumene chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, magetsi a pamsewu amatchedwa "semáforo", liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza chonyamula chizindikiro, lomwe linkagwiritsidwanso ntchito pa njanji. Makina ogwira ntchito ya munthu amatchedwa "robô". Choncho Apwitikizi anasiyanitsa zinthu ziwirizi, pamene a Chingerezi cha kummwera kwa Africa anazisiya m'dzina limodzi. Wophunzira wa ku Malawi kapena ku Zambia amene akuwerenga nkhani ya mafakitale a ku Japan ayenera kudziwa kuti maloboti akunenedwawo si a pa mphambano, ndipo akamalemba mayeso a Chingerezi cha kunja ayenera kukumbukira kuti womuyesa mwina sadziwa tanthauzo la kuno. Izi sizikutanthauza kuti tanthauzo la kuno n'lolakwika. Lakhalapo pafupifupi zaka 100, ndipo n'lachikulire kuposa loboti yoyamba ya mu fakitale.

Mu Johannesburg liwuli linabereka ana. Wokwera minibasi, zomwe kumeneko amazitcha "taxi", akafuna kutsika safotokoza zambiri: amangofuula kuti "after robot", ndipo dalaivala amaima akangodutsa magetsi otsatira. Mlendo amene sadziwa mawu awiriwa angathe kupitirira malo ake. M'masitolo akuluakulu, paketi ya tsabola wosawawa wa mitundu itatu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, imagulitsidwa ndi dzina loti "robot peppers". Pa misewu ina pamalembedwa ndi penti yoyera mawu ochenjeza kuti kutsogolo kuli loboti, zimene alendo ochokera kunja amakonda kujambula.

Loboti ilinso msika. Magetsi akafiira, magalimoto amaima kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu ambiri amadyerapo. Ena amagulitsa nyuzipepala, zipatso, machaja a foni ndi mahang'ala a zovala. Ena amatolera zinyalala za m'galimoto, ena amatsuka magalasi, ena amavina, ena amapemphetsa. Amisiri ofuna ganyu amaima chapafupi atanyamula chikatoni cholembedwa luso lawo: kupenta, kumanga, kukonza mapaipi. Pakati pawo pali nzika za dzikolo komanso obwera kuchokera ku Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Lesotho. Pa malo omwewa mpamenenso mbava zimaswa galasi la galimoto n'kutsomphola chikwama kapena foni, n'chifukwa chake madalaivala ambiri usiku amachepetsa liwiro akadali patali kuti afike pa loboti itabiriwira kale.

Koma gawo lodabwitsa la mbiri ya liwuli ndi limene linayamba magetsi atayamba kuvuta. Bungwe la Johannesburg Roads Agency limayang'anira mphambano zoposa 2,000 zokhala ndi maloboti, ndipo zonsezo zimadalira nthambo ndi magetsi. Kampani ya Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanitsa madera kumapeto kwa 2007, ndipo mu January 2008 vutoli linakula moti migodi ikuluikulu inaimitsa ntchito kwa masiku angapo. Chaka cha 2023 chinali choipitsitsa, pakuti magetsi anazimitsidwa masiku oposa 300. Kuwonjezera apo, mbava zimakumba nthambo za kopa n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo, ndipo nthawi zina zimadula mtengo wonse wa loboti. Kumayambiriro kwa 2011 akuluakulu a mzindawu analengeza kuti maloboti pafupifupi 400 mwa 600 amakono anali atathyoledwa ndi anthu ofuna timakadi ta foni timene tinaikidwamo kuti tizitumiza uthenga loboti ikawonongeka. Akubawo ankagwiritsa ntchito timakadito kuimbira mafoni aulere.

Loboti ikafa, pamafunika munthu. Kuyambira mu 2005 kampani ya inshuwalansi ya OUTsurance inayamba kulipira anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa bwino kuti aziima pa mphambano zotanganidwa za Johannesburg m'mawa ndi madzulo, atavala yunifolomu yowala ndi magolovesi oyera, ena akuthamangira ndi njinga zamoto kumene magetsi afa. Imeneyi ndi ntchito yomwe ija makina analanda wapolisi mu 1927. Mu 2023 makampani ena a ku Sandton anagwirizana ndi mzindawu zolumikiza maloboti apafupi ndi maofesi awo ku magetsi a majenereta awo, koma thandizo lotere limafika kumene kuli makampani olemera basi.

Mzinda wa Kinshasa, ku Democratic Republic of Congo, unatenga njira ina. Mu 2013 gulu la mainjiniya lotsogozedwa ndi mayi Thérèse Izay Kirongozi linaimika pa mphambano zina zimphona zachitsulo zooneka ngati munthu, zoyendera mphamvu ya dzuwa, zokhala ndi nyali zofiira ndi zobiriwira, mikono yotambasuka ndi makamera. Kumeneko mlendo wa ku London uja akanapeza chimene ankafunafuna: wapolisi wa loboti weniweni.

Ku Johannesburg, pa mphambano zambiri zimene apolisi ndi antchito olipidwa aja safikako, amene amadumphira pakati pa msewu ndi anthu osowa pokhala ndi anyamata osowa ntchito. Ena amavala chovala chonyezimira chotola, ena amangogwiritsa ntchito manja ndi likhweru, ndipo madalaivala oyamikira amawaponyera makobili pawindo. Ambiri amaigwira bwino ntchitoyo moti mzere wa magalimoto umayenda. Apolisi a mzindawu, a JMPD, achenjeza kangapo kuti anthu amenewa alibe chilolezo choongolera magalimoto, kuti ngozi ikachitika chifukwa cha dzanja lawo mzinda sungayankhe mlandu, ndiponso kuti kuwapatsa ndalama kungachititse ena kuwononga maloboti dala kuti apeze pogwira ganyu.

Lamulo la dzikolo pa nkhaniyi n'lomveka, ndipo madalaivala a mathiraki ndi mabasi ochokera ku Lilongwe, Chipata kapena Tete amayenera kulidziwa asanawoloke pa Beitbridge. Loboti ikazima, kapena ikamaphethira zofiira mbali zonse, mphambanoyo imasanduka malo amene galimoto iliyonse iyenera kuima kotheratu. Amene wafika poyamba ndi amene amadutsa poyamba, posatengera kuti ali mumsewu waukulu kapena waung'ono, ndipo magalimoto amadutsa imodziimodzi mosinthana. Dalaivala wongotsatira galimoto ya kutsogolo kwake osaima amakhala ataphwanya lamulo, ngakhale munthu wa chovala chonyezimira uja atamukodola.